Mluzu wa Kamba

4 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Sipanala,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tonse tilipo, kupatula bondo la Mayi lomwe layambanso kulosera mvula. Foni ndayesa kangapo, koma ukudziwa wekha kuti kuseri kwa phiri kuno mawu amafika theka, ndipo nkhani iyi si yoti ndikaikuwe nditakwera pachulu anthu akumva.

Nkhani ndi ya Kamba. Usaseke. Galimoto ya Bambo ija, yomwe inatilera tonse, yafika potopa. Ikanyamula matumba ndi anthu, ikumafika pakati pa chikweza chachikulu chija n'kuyamba kulira ngati ikupepesa. Ndiye Bambo akumaima n'kunena kuti, "Amene muli ndi miyendo yabwino tatsikani, tikumana pamwamba." Kale anthu ankatsika akuseka, poti kunalibe galimoto ina yolimba mtima kulowa msewu wathuwu mvula ikayamba. Pano kwabwera mkulu wina ndi galimoto yoyera, yokoka ndi matayala onse anayi ngati Kamba yemwe, koma yatsopano. Imakwera chikwezacho osasintha n'komwe mawu. Anthu ndi anthu, mlongo wanga. Ngakhale mayi a tomato aja, omwe anayamba kukwera Kamba ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, dzulo ndawaona m'galimoto yoyera atatembenuzira nkhope kumbali.

Bambo sanena kanthu. Amadzuka m'mawa monga mwa masiku onse, kupukuta galasi, kuyang'ana oyilo, kupita pasiteji, n'kunyamuka ndi anthu owerengeka pazala. Madzulo amakhala pakhonde pafupi ndi makina anga osokera, maso ali pa Kamba. Ine zikundiwawa. Munthu uja ukamulanda msewu, watsala ndi chiyani?

Ndikudziwa kuti chichokereni kuno sanakulolepo kugwira ngakhale nati imodzi pagalimoto yawo. Ndikukumbukiranso zimene ananena tsiku limene unasankha galaja ya m'tauni m'malo moti uziyenda nawo kuno. Koma makaniko m'banja muno ndiwe, palibenso wina. Taganiza chochita. Ukamabwera usaiwale singano za makina, zikuluzikulu zija zosokera lona.

Ndine mlongo wako

15 Novembala

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Kuno tili bwino, mlamu wanu akupereka moni. Kalata yanu ndaiwerenga nditagona kunsi kwa lole ya eni ake, moti yada ndi girisi mbali zonse.

Nzeru ilipo. Pagalaja pano pali galimoto ya mtundu wa Kamba yomwe inagubuduzika, ndipo mwini wake akuigulitsa chitsulo chimodzichimodzi. Injini yake ndi mphwake wa injini ya Kamba, kungoti iyo inabadwa ndi tebo. Musachite mantha ndi dzinalo. Tebo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono yaikulu. Utsi wotuluka mu injini umazunguza timapiko ta m'kati mwake, ndiye timapikoto timakankhira mpweya wambiri mu injini. Injini ikapuma mokwanira imadya dizilo bwino n'kupeza mphamvu. Taikapo kale pa magalimoto angapo a anthu a m'mafamu, ndipo onse amabwera kudzatigwira chanza. Wina anati akumva ngati wagula galimoto ina, mpaka mkazi wake anayamba kumufunsa kumene akuthamangira.

Abwana andipatsa sabata imodzi kumapeto kwa mwezi uno. Vuto si nkhonoyo ayi, vuto ndi Bambo. Mawu awo aja amandilirabe m'khutu: "Amakaniko a m'tauni sakonza, amangosintha." Muyambe mwawanyengerera, koma mudzere kwa Mayi. Akakana sindikakamiza, ndidzangobwera ndi singano zanu n'kudya n'kubwerera.

Ndikuuzeni zoona, Achemwali. Ndakonza magalimoto a anthu osawerengeka, ena amandiitana kuti abwana ngakhale ndili wakuda bii ndi oyilo. Koma ndikufuna kamodzi kokha m'moyo uno munthu uja ayang'ane ntchito ya manja anga n'kunena kuti ili bwino. Ndine bambo wa ana awiri, koma pa nkhani iyi sindinakule.

Mlongo wanu,
Sipanala

9 Disembala

Sipanala,

Unafika bwino? Mayi akuti unaonda, uzidya. Ine ndinawauza kuti aliyense akhoza kuonda atagwira ntchito yoika nkhono pa Kamba sabata yonse Bambo ataima kumbuyo kwake, manja ali kumsana, osanena zabwino kapena zoipa. Ndinkakuona ukutuluka thukuta ngakhale m'mawa kukuzizira.

Tsopano tamvera. Lolemba utangochoka, Kamba ananyamula matumba a feteleza mpaka masipuling'i kugona, anthu ali pamwamba pake. Atafika pakati pa chikweza, anthu anayamba okha kukonzeka kutsika, wina nsapato zili kale m'manja. Bambo sanaime. Kamba anangoyamba kamluzu kochokera m'nkhono yako ija n'kukwera mpaka pamwamba. Akuti atafika pamwambapo gogo wina anafunsa kuti, "Kodi tadutsa?" Anthu anaseka mpaka misozi.

Pano ana a m'njira akamva mluzu akuthamangira kumsewu akukuwa kuti Kamba akubwera. Mayi a tomato abwerera, ati m'galimoto yoyera ija mipando yake imawapweteka msana. Ine ndinangoluma ulusi. Sabata yatha mvula itagwa, yoyerayo inatitimira m'matope pafupi ndi mlatho, ndipo amene anaikoka ndi ndani? Bambo anatsika, kumanga chingwe, kuikoka, kumasula, osalandira kanthu. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri.

Mayi akudandaula kuti masiku ano akufika msanga pakhomo n'kumawasokoneza kuphika. Koma ndawaona akuchita dala kutuluka panja akangomva mluzu.

Uthenga wako uja ndinafikitsa, ngakhale unandisiyira ntchito yovuta. Munthu iwe unakhala nawo sabata yathunthu osatha kuwauza wekha kuti injini ikatentha asamaizime msanga, n'kudzandinong'oneza ine basi ikunyamuka! Ukuganiza kuti ine ndiye ndili ndi mitu iwiri? Ndinauza Mayi, ndipo Mayi anawauza powapatsa madzi osamba kuti akafika aziyamba adikira pang'ono nkhonoyo izizire. Akumvera. Akafika pakhomo kapena pasiteji amakhala m'galimoto, injini ikulira pansipansi, manja ali pachiwongolero, mpaka nkhuku zimawazungulira.

Singano unabweretsa zazing'ono. Ndinati zikuluzikulu.

Mlongo wako

20 Disembala

Achemwali,

Moni nonse. Nkhani ya chikweza ija ndawerengera anzanga onse pagalaja, mpaka abwana anati ndisiye kalata ndigwire ntchito. Mtima wanga uli m'malo.

Zodikira zija apitirize, si zamasewera. Timapiko tija timazungulira mwaliwiro loopsa, ndipo chimene chimatiziziritsa ndi oyilo wochokera mu injini. Ukazima injini itangogwira ntchito yolemetsa, oyilo amaima pomwepo n'kupserera m'kati. Lero pang'ono, mawa pang'ono, mapeto ake nkhono imadyeka. Mukuti ndinachita mantha kuwauza. Inde ndinachita mantha. Ndikanayamba bwanji kuphunzitsa munthu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa buleki ndi kilatchi?

Koma mwandiuza za gogo, za mayi a tomato, za nkhuku zomwe. Nanga Bambo anena chiyani? Sindikufunsa zimene mukuona inu ayi. Ndikufunsa zimene zatuluka pakamwa pawo. Tsiku lonyamuka anangoti, "Uyende bwino, kukubwera mvula." Ngati anenapo kanthu, ngakhale kakang'ono, mundilembere mmene akanenera, osawonjezera mchere.

Mlongo wanu,
Sipanala

24 Januwale

Achemwali,

Moni. Kodi kumeneko kuli bwino? Mwezi watha osamva kanthu. Ngati ndi singano zija mwakwiyira, ndatumiza zikuluzikulu kudzera kwa kondakitala wa basi ya m'mawa. Funso langa lija likadali pomwepo.

Sipanala

11 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni, ndipo pepa pokhala chete. Singano ndinalandira. Poyamba sindinalembe chifukwa ndinalibe yankho la funso lako. Bambo sananenepo kanthu, ndipo sindinafune kukunamiza. Kenaka kwagwa zina. Khala pansi kaye.

Kuyambira pakati pa Januwale Kamba anayamba kutulutsa utsi wotuwa m'mawa. Mluzu uja unasintha, unayamba kumveka mokhadzula. Ndinawaona Bambo akuthira oyilo pafupipafupi, koma nditafunsa anati galimoto yokalamba imamwa. Chakudza sichiimba ng'oma. Lachinayi lapitali, atangowoloka mlatho ali ndi anthu odzaza, injini inangoyamba kukuwa yokha, phazi lawo lisali n'komwe pamoto. Utsi unadzaza msewu wonse moti wakumbuyo samamuona wakutsogolo. Anazima kiyi, injini osazima. Anaizula kiyiyo n'kuigwira m'manja, injini ikukuwabe. Anthu anayamba kudumpha, ena akuitana amayi awo. Akuti Bambo anaika giya yomaliza, n'kuponda buleki ndi mphamvu zawo zonse, n'kusiya kilatchi kamodzi. Kamba anagwedezeka n'kufa.

Palibe amene anavulala kwenikweni. Mnyamata wina anabinya phazi podumpha, ndipo tomato wa mayi aja anathera mumsewu. Chimene chawawa ndi chakuti amene anamukoka Kamba mpaka pakhomo ndi mkulu wa galimoto yoyera uja. Sananyoze ayi, anachita mwaulemu, koma ulemu womwewo ndi umene unawabaya. Ndinawaona Bambo akulowa pachipata atakhala pachiwongolero cha galimoto yokokedwa ndi chingwe, ndipo ndinathawira m'nyumba kukalira.

Anthu akulankhula, sindikubisira. Pasiteji akuti mwana wa m'tauni waika chitsulo cha kumanda pagalimoto ya bambo ake. Ena akuti Kamba analengedwa kuti aziyenda pang'onopang'ono, tinachita kumuputa dala. Ine ndayambana kale ndi anthu awiri, wina ndamubwezera nsalu yake yosasoka.

Bambo amulowetsa Kamba mushedi. M'mawa uliwonse amalowa n'kudzitsekera, amatuluka nthawi ya chakudya yokha. Salola aliyense kusuzumira, ngakhale Mayi. Dzina lako sanalitchule. Nditawafunsa ngati ndikulembere, anangoti, "Usamuvutitse." Ndalemba mwakuba.

Mlongo wako

19 Febuluwale

Bambo,

Ndikupereka moni kwa inu ndi Mayi. Ndamva zimene zinachitika pamlatho. Musawakalipire Achemwali, ndine ndinawakakamiza kundiuza.

Injini inkakuwa chifukwa nkhono itadyeka inayamba kutayira oyilo m'njira ya mpweya, ndiye injini inkadya oyilo wake womwe m'malo mwa dizilo. N'chifukwa chake kiyi sinagwire ntchito. Mmene munaizimira ndi mmene zimafunikira, ndipo mukanachedwa injini yonse ikanasweka. Mwapulumutsa anthu ndi galimoto yomwe.

Chimene chinadya nkhonoyo sindikuchidziwa. Ndinaiyesa ndisanaiike, inali yabwino. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Koma kaya ndi chiyani, amene anaiika ndine, ndipo amene akusekedwa pasiteji ndinu. Munalola kuti ndigwire galimoto yanu kamodzi kokha, ndipo kamodzi komweko ndakuchititsani manyazi pamsewu umene mwayendapo moyo wanu wonse osakokedwa ndi munthu.

Mwati asandivutitse. Ndamva tanthauzo lake. Ndikungopempha mundilole ndibwere komaliza, ndidzachotse zonse zimene ndinaika. Mapaipi akale ndinawasunga m'katoni pamwamba pa kabati ya Mayi. Kamba adzabwerera mmene analili, ndipo simudzandionanso ndikutsegula boneti yake.

Mwana wanu

26 Febuluwale

Iwe Sipanala,

Moni pang'ono, chifukwa wandikwiyitsa. Kalata yanji ija? Munthu ali kale pansi, iwe n'kumulembera ngati ukutsanzika pantchito ya kwa azungu? Bambo anaiwerenga pakhonde, kuipinda, kuitsegulanso, kuiwerenganso, n'kupita nayo kushedi. Mayi andikalipira ine ngati ndine ndinalemba. Inu awiri ndinu nkhuni za mtengo umodzi, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuyaka.

Koma ndili ndi nkhani ina. Dzulo mayi a tomato anabwera kudzasoketsa diresi la mdzukulu wawo. Ndikuwayeza mwanayo, iwo anayamba kudandaula kuti amusowa Kamba. Ndiye anati, "Ine chimene ndimamukondera Kamba ndi pamwamba pa chikweza paja. Bambo anu akangofika pamenepo amazima injini, galimoto n'kumatsetsereka chete mpaka kumlatho. Munthu umacheza bwinobwino, osati zokuwa za m'galimoto yoyera."

Ndinaika tepi yoyezera pansi. Ndinafunsa kuti, "Ngakhale ataika mluzu uja?" Iwo anati, "Eee, tsiku lililonse, popita ndi pobwera. Akangoti pamwamba, mluzu uli pakamwa, kiyi thi."

Mlongo wanga, iwe ndi ine takulira m'galimoto ija. Tonse tikudziwa kuti Bambo satsika phiri injini ikulira, amati ndi kutaya dizilo. Tinkakonda malo amenewo tili ana, chifukwa m'pamene ankatilola kuimba. Zinazolowereka mpaka palibe amene anaziona, iwe, ine, ngakhale Mayi. Pakhomo ankadikira mokhulupirika nkhono itazizira kale ndi msewu wosalala, koma pamene inali yotentha kwambiri, itangomaliza kukoka matumba pachikweza, m'pamene ankaizima.

Ulendo uno sindinadzere kwa Mayi. Ndinawauza ndekha madzulo tikudya, ndipo ndinawawerengera pamene unalemba za oyilo wopserera paja. Anasiya kutafuna. Anayang'ana dzanja lawo lamanja nthawi yaitali, kenaka anasamba n'kutuluka. Lero m'mawa andipempha pepala ndi cholembera. Chibadwire sindinawaonepo akulembera munthu kalata. Usabwere kaye, dikira.

Mlongo wako

6 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Amayi ako ali bwino, bondo lokha. Upereke moni kwa mkazi wako ndi zidzukulu zanga. Ine si wolemba makalata, ndiye uwerenge bwino, sindibwereza.

Wati udzachotsa nkhono. Wakutuma ndani? Galimoto ndi yanga.

Miyezi iwiri ija ndinayendetsa monga ndinkayendetsera ndili mnyamata. Sindinatsitse munthu pachikweza ngakhale mmodzi. Ukudziwa kuwawa kwake kuuza mayi wobereka mwana kuti atsike ayende pansi m'matope, iwe utakhala pampando? Ndakhala ndikunena mawu amenewo zaka zambiri ndikuseka, koma m'kati ndinali kufa. Nkhono yako inandichotsera mawu amenewo pakamwa. Tsiku lina ndinafika pamwamba ndikuimba nawo mluzu, mpaka wina anafunsa ngati ndalawa.

Za pamwamba pa phiri mlongo wako wakuuza. Amene anandiphunzitsa kuyendetsa ankati wotsika phiri injini ikulira ndi wakuba dizilo, ndipo ankandimenya padzanja ndikachedwa kuzima. Dzanjali limapita lokha pakiyi, silindifunsa. Ndamanga kansalu kofiira pakiyipo kuti lizidabwa likafika.

Ndinati asakuvutitse chifukwa ndinafuna ndiikonze ndekha usanamve, kuti Kamba atuluke anthu atseke pakamwa za iwe. Ndinaimasula nkhonoyo n'kuiyala pathumba. Masabata onsewa ndakhala ndikuiyang'ana, iyonso ikundiyang'ana. Injini ya Kamba ndikhoza kuimasula n'kuimanganso nditatsinzina, koma ichi chandikanika. Sindikuchidziwa.

Pomasulapo ndaona ntchito yako yonse bwinobwino, popanda wondiona. Ndaona mmene unapindira paipi ya oyilo kuti idutse kutali ndi moto, ndi pamene unaboola kuti oyiloyo azibwerera. Ndafufuza pamene unalakwitsa, poti ndikanapapeza mtima ukanapepuka. Palibe. Ine sindikanaganiza choncho. Ndi ntchito yabwino, mwana wanga. Inali yabwino kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinaona nditaima kumbuyo kwako.

Upeze nkhono ina ubwere nayo mvula isanathe, anthu akuvutika. Ulendo uno usakanong'oneze mlongo wako pabasi. Udzakhale pambali panga tikwere chikwezacho, ndipo dzanja likapita pakiyi udzalimenye, ndakulola. Ubwere ndi zitsulo zako. Zanga sizikulowa.

Bambo ako